Funsani Kalipentala: felemu ya windo yawola, zokonzera tikazipeza kuti?

Mwaswera bwanji nonse a m'mbali mwa nyanja ndi inu a kumtunda. Mwezi uno makalata ambiri agwera pa nkhani imodzi, mafelemu a mawindo, ndipo sizikundidabwitsa ayi, mvula yangokata kumene, mwera wayamba, ndiye ndi nthawi yomwe munthu amati atsegule windo n'kungoona hinji yatsalira m'manja, thabwa likuyoyoka. Ndatolapo asanu, ena ndawadula pang'ono chifukwa cha malo.

FUNSO: Bambo kalipentala, ine ndimakhala ku Salima mbali ya Senga Bay, nyumba anatisiyira malemu bambo athu ndipo inamangidwa chisanachitike chivomerezi chija cha 1989. Mawindo ake onse ndi a matabwa, alipo 6, koma atatu oyang'ana kunyanja awola kunsi moti ukakanda ndi chala thabwa likungonyenyeka ngati buledi. Achimwene anga akuti tigumule onse tiike achitsulo koma ndalama yake palibe komanso ine mtima sukulola, mawindo amenewa anasankha okha bambo. Kodi angakonzeke? Nanga matabwa ake ndikawapeza kuti poti mlombwa akuti unatha?
Mayi wa ana atatu, Senga Bay

YANKHO: Mayi, pepani ndi za bambo, ndipo achimwenewo auzeni nyundo aisiye kaye pansi. Nyumba zambiri za zaka zimenezo kuno kwathu mafelemu ake anali a mlombwa kapena mbawa, matabwa okhwima omwe lero ngakhale mutakhala ndi ndalama m'thumba muvutika kuwapeza, ndiye kugumula felemu yonse chifukwa cha kachigawo ka kunsi kokha ine zimandipweteka mtima kwambiri.

Poyamba tengani msomali wa 4 inchi muyende nawo felemu yonse mukubaya pang'onopang'ono, kuyambira m'makona a kunsi kukwera m'mwamba. Penti musaikhulupirire, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndaonapo felemu yowala bwinobwino koma msomali kulowa wonse osamenya n'komwe. Pomwe msomali ukulowa ngati mu chinangwa chophika lembanipo ndi choko, pomwe wakana ndi pabwino. Kawirikawiri mupeza kuti chawola ndi thabwa logona la kunsi lija ndi miyendo iwiri ya m'mbali, mwina chikhatho chimodzi kuchokera pansi, kwinako kuli gwa. Zikakhala choncho windo likonzeka ndithu. Koma ngati kuwolako kwakwera kupitirira theka la msinkhu wa felemu kapena makona onse anayi amasuka, pamenepo pokha ndiye tikambe zopanga felemu yatsopano.

Thabwa siliwola chifukwa chokalamba ayi. Chimalidya ndi tinthu ta mtundu wa bowa tomwe timamera m'kati mwake likakhala lonyowa nthawi yaitali, madzi akapitirira magawo 20 pa 100 alionse a kulemera kwa thabwalo ndiye timayamba ntchito, likauma timaima. N'chifukwa chake awola ndi atatu a kunyanjawo, kumene mvula ya mphepo imamenya, pamene anzawo a kuseri ali bwinobwino ngakhale anaikidwa tsiku limodzi. Mfundo imeneyi muisunge chifukwa ndi yomwe ikuuzani thabwa loti mugule: likhale louma, likhale la mtima wa mtengo, basi zinthu ziwiri zimenezi, dzina la mtengo likubwera pambuyo.

Tsono kokapeza. Ine malo oyamba omwe ndimayang'ana si kumsika wa matabwa ayi, ndi m'nyumba mwa mwini windoyo ndi kwa anansi ake. Chigamba cha windo limodzi sichifuna thabwa lalikulu, mwina mita imodzi ndi theka ya 3 by 4 kapena 2 by 4 kutengera felemu yanu, ndiye bedi lakale lothyoka mwendo, chitseko chomwe chinachotsedwa, benchi yakale ya kutchalitchi yomwe angoiponya kuseri, felemu ya nyumba yomwe akugumula, zonsezi ndi matabwa ouma zaka 30 kapena 40, anamaliza kalekale kupindika ndi kung'aluka. Chaka chatha ndinkakonza mawindo kwa mayi ena ku Chipoka, tinafunafuna thabwa sabata yonse, kenaka ndikudutsa kuseri ndinaona chitseko chomwe anatsekera khola la mbuzi, chotuwa mbuu, chodzaza ndi matope kunsi. Ndinapempha kuti ndipalepo kamodzi ndi puleni. Nditangokankha kawiri kutuwa kuja kunachoka, kunatuluka kufiirira kwa golide kokhala ndi mizere yoderako, ndi kafungo kokoma kaja komwe aliyense wogwira matabwa amakadziwa, mlombwa weniweni. Mayiwo anachita kuomba m'manja. Mbuzi tinazipangira chitseko cha bulugama ndipo chitseko chija chinakonza mawindo anayi. Chongosamala ndi misomali yobisika, izulidwe yonse thabwa lisanaone sowo kapena makina, ndipo mbali yomwe inakhudza dothi idulidwe itayidwe.

Malo achiwiri ndi kwa akalipentala anzanga. Kwerani galimoto mupite pa Kamuzu Road m'tauni ya Salima, kuchokera ku Senga Bay ndi makilomita pafupifupi 20 okha, muyende m'mashedi momwe amapanga zitseko ndi mabedi mufunse zidutswa zotsala. Munthu wopanga chitseko amatsala ndi zidutswa za theka la mita, kwa iye n'zazifupi koma kwa inu ndi miyendo ya windo imeneyo. Mutenge kachidutswa ka felemu yanu kosawola mukaonetse kuti akupatseni mtundu wofanana, chifukwa matabwa a mitundu iwiri yosiyana safufuma ndi kunyala mofanana nyengo ikamasintha ndipo polumikizira pamatseguka. Mlombwa ubwino wake ndi womwewo, sunyala kwenikweni ukamauma, n'chifukwa chake akale ankaukonda pa mawindo. Ukasowa mbawa ilowe m'malo, kapena msambamfumu womwe ndi wolimba koopsa ndipo chiswe chimaulambalala, kungoti ndi wolemera komanso umabunthitsa zida.

Musaiwalenso okhoma maboti kudoko kwanu komweko. Anthu amenewo tsiku lililonse amalimbana ndi thabwa ndi madzi, amadziwa yemwe ali ndi thabwa labwino dera lonselo, ndipo nawonso amatsala ndi zidutswa.

Mukalephera konseku ndiye mugule thabwa latsopano, koma apa tsegulani maso. Mtengo wa mlombwa uli ndi zigawo ziwiri, mtima wofiirira wa m'kati ndi mbali yoyera ya kunja pafupi ndi khungwa. Wolimba ndi mtimawo, yoyerayo imafumbwa ndi kuwola ngati thabwa wamba. Masiku ano poti mitengo ikuluikulu inatha anthu akucheka timitengo tanthete, thabwa theka loyera theka lofiira. Ine ndinapsapo ndi wogulitsa wina, anapaka thabwa lonse mankhwala a bulauni kuti lioneke mtima wokhawokha, nditafika nalo kushedi kupala kamodzi kokha mbali yonse inayera ngati ufa woyera, ndalama ya kasitomala itapita kale. Kuyambira tsiku limenelo sindigula thabwa osalipala pakona ndi kampeni, ndipo wogulitsa akakana kuti ndipale ndimangotsanzika.

Ndipo mufunse komwe lachokera ndi chikalata chake cha a Forestry. Lamulo la nkhalango la 1997 linakonzedwanso mu 2020 ndipo zilango zake zinakula, thabwa lopanda mapepala likhoza kulandidwa pa rodibuloko inu n'kutsala ndi mlandu. Komanso tinene zoona, thabwa la mlombwa lotchipa modabwitsa kuno kwathu nthawi zambiri limakhala lobedwa m'nkhalango zotetezedwa monga Thuma kapena ya Nkhotakota ija yomwe a African Parks akuyang'anira kuyambira 2015, ndipo ine sindifuna windo la bambo anu likonzedwe ndi mtengo wakuba pamene chitseko chakale chikungowola kuseri kwa nyumba ya wina.

Kuuma kwake mudziwa bwanji? Thabwa lauwisi limalemera, limazizira mukaliika patsaya, mukaligogoda limalira mogonthera pamene louma limalira ngwee. Njira yosanama ndi sikelo, pitani nalo kwa ogula mpunga kapena chimanga alipime mulembe pathabwa pomwepo, sabata yamawa mukapimenso, likamatsikabe ndiye kuti madzi akadatuluka, likaima masabata awiri atatu otsatizana lauma. Poumika musaliike padzuwa ling'aluka, likhale pamthunzi podutsa mphepo, pamwamba pa njerwa, timitengo topyapyala pakati pa thabwa ndi linzake, kumapeto konse kuwiri mupake penti yotsala kuti kusang'ambike. Thabwa la mainchesi awiri la mtengo wolimba limafuna miyezi osati masabata, kuona maso a nkhono n'kudekha mayi, mukagula pano mu Meyi kapena Juni ntchito muigwire mu Okutobala mvula isanabwere, felemu yakaleyo nayo idzakhala itauma gwa.

Kalipentala wanu mumuuze adule mopitirira pomwe pathera kuwola ndi masentimita osachepera 5 kulowa m'thabwa labwino, ndipo adule mopendeka, kutsetserekera kunja, kuti madzi akafika polumikizapo azitsika osati kulowa. Thabwa la kunsilo lipendekere kunja pang'ono, ndipo pansi pake cha kumlomo aseme kamzere kozama mamilimita 6 kuchokera uku mpaka uko, kamzere kameneka kamadula madzi kuti adonthe pansi asabwerere kukhoma. Ambiri amakasiya poti sikaoneka koma ndi kamene kamasunga windo.

FUNSO: Akulu, ine ndi mphunzitsi kuno ku Benga, Nkhotakota. Matabwa olimba andikanika mtengo. Paini wa ku Chikangawa ndiye amapezeka paliponse, kodi sindingagwiritse ameneyu pokonza felemu? Nanga bulugama ndi malayina?
Mphunzitsi, Benga

YANKHO: Aphunzitsi, mungathe koma mudziwe chomwe mukugula. Paini wa ku Chikangawa, uja amagulitsa m'mataundi wa mafiti 18, ndi wabwino pa denga ndi pa siling'i pomwe sipafika madzi. Kunsi kwa windo kuno kunyanja, komwe mvula imagwa yambiri kuposanso kwa anzathu a ku Salima, paini wosathira mankhwala sachedwa kuwola, ndipo kwa chiswe ndi ndiwo. Ngati ndi paini funani wothiridwa mankhwala ku fakitale, amaoneka wobiriwirako ndipo mankhwalawo amawalowetsa ndi mphamvu ya makina mpaka m'kati, osati wongopakidwa pamwamba ndi bulashi. Muuzeni wogulitsa adule kumapeto muone ngati kubiriwirako kwalowa, ena amangomwaza utoto. Paliponse pomwe mwadula kapena kuboola mupakenso mankhwala chifukwa mwatsegula khomo. Ndipo chonde zidutswa zake ndi utuchi wake musasonkhezere moto wophikira kapena wowambira nsomba, mankhwala obiriwirawo ambiri amakhala ndi poizoni wotchedwa arsenic, utsi ndi phulusa lake zimadwalitsa. Wotere kawirikawiri mumupeza kwa ogulitsa akuluakulu ku Lilongwe, mukhoza kutuma munthu wodalirika wa lole akutengereni.

Bulugama akakhala wa mtengo wokhwima, mtima wake wofiira uja, ndi wolimba ndithu kuposa paini, vuto lake ndi kupindika ndi kung'aluka akamauma, ndiye ameneyu lamulo la sikelo ndafotokozera mayi a ku Senga Bay lija limugwire kawiri, ndipo musakhome msomali osayamba mwaboola. Malayina ndi wopepuka, wosavuta kupala, sapindikapindika, penti amaigwira bwino, koma amachedwa kuuma m'kati ngakhale kunja akuoneka wouma, ndipo ine ndimamuika m'mbali ndi pamwamba osati thabwa la kunsi.

Mtengo womwe anthu a kunyanja timaupeputsa ndi nimu. Uli mbwee m'midzi yathu, timangoudziwa ngati mthunzi ndi mankhwala, koma ndi wa banja limodzi ndi mbawa, mtima wake ndi wofiirira wolimba ndipo chiswe sichiukonda. Wina akamagwetsa nimu wamkulu pakhomo pake, kapena wagwa ndi mphepo, kambiranani naye mucheketse, umauma bwino ndipo chigamba chake chimakhala. Nzeru ina ndi yosakaniza, kandalama kochepa komwe muli nako mugulire thabwa limodzi lolimba la kunsi kokha, poti ndi pomwe pamakhala madzi, kwinako muike chotchipa.

FUNSO: Bambo, kwathu ku Dwangwa madzi osefukira a mu Febuluwale 2024 analowa m'nyumba mpaka m'mawindo, nyumba inapulumuka koma mafelemu anayamba kufewa kunsi. Anzanga akuti ndingokumba powolapo ndithiremo simenti, wina akuti fila ya galimoto ndiye yabwino, kenaka ndipake oyilo wakupsa kuti chiswe chisabwere. Zoona zake ndi ziti?
Mnyamata wa kabaza, Dwangwa

YANKHO: Mphwanga, pepa kwambiri ndi zomwe munaona kumeneko, ndikuthokoza Mulungu kuti nyumba inaima. Koma zitatu zonse akuuzazo ine ndikukana, ndipo ndikuuza chifukwa chake kuti ukawafotokozere.

Simenti ndi thabwa sizigwirizana. Thabwa limafufuma dzinja n'kunyala chilimwe, simenti imangokhala chilili, ndiye pakangotha nyengo imodzi pakati pawo pamatseguka kamng'alu, madzi amalowa, simenti imawasunga ngati siponji ndipo thabwa lomwe linali labwino kuseri kwake limayamba kuwola mwakachetechete. Mafelemu ambiri omwe ndawachotsa atatheratu ndimapeza chibuma cha simenti pakona. Fila ya galimoto nayo ndi chimodzimodzi, anaipangira chitsulo, imauma gwa osatsatira kuyenda kwa thabwa, pa kabowo kakang'ono ngati ka msomali ingathandize koma pa dzenje lolowa chibakera idzagwa yonse ngati chigamba cha mphika. Utuchi wosakaniza ndi guluu ndi wa mipando ya m'nyumba, panja umamwa madzi. Dzenje la m'thabwa limatsekedwa ndi thabwa linzake basi. Ilipo guluu ina ya zitini ziwiri zosakaniza yotchedwa epoxy yomwe imagwira ngakhale pa maboti, imeneyo ndiye ingadzaze malo apakatikati, koma ndi yodula ndipo imafuna thabwa louma lopanda chowola chilichonse chotsalira.

Za oyilo wakupsa ndikudziwa kuti tonse tinakulira momwemo, pa mapolo a khola ndi a mpanda anthu amapaka ndithu. Koma pa windo ayi. Ukapaka oyilo guluu sagwiranso, penti sigwiranso, pate yomatira galasi pa felemu imasenda, ndiye watseka njira zonse zokonzera. Komanso oyilo wochoka mu injini ali ndi zoipa zambiri, windo la kuchipinda komwe kumagona ana, dzuwa la Okutobala likawomba fungo lonse limalowa m'nyumba ndipo ana amagwira n'kudyera manja omwewo. Mankhwala akuda a mapolo a magetsi aja nawonso si a m'nyumba, amatulukira pa penti n'kuidetsa. Pita ku hadiweya ukafunse mankhwala otetezera matabwa omwe pachitini palembedwa kuti ukhoza kupaka penti pamwamba pake, upake kawiri katatu makamaka kumapeto kwa thabwa komwe wadula poti ndi komwe kumamwa madzi ngati udzu womwera, udikire aume ndiye upitirize.

Chinanso kwa iwe makamaka, khoma lomwe linamira limasunga chinyezi nthawi yaitali, ndiye pochotsa chowolacho usathamangire kutseka, pasiye potsegula masabata angapo mphepo ipite, ndipo pakati pa njerwa ndi thabwa latsopano uyalepo pulasitiki yakuda yokhuthala ija amaika pa fawundeshoni kuti thabwa lisayamwe madzi a m'khoma.

FUNSO: Bambo kalipentala, thabwa ndapeza kale, felemu ya nyumba yakale yomwe amagumula kuno ku boma. Tsono ndikalowa mu hadiweya ndimasokonezeka, wogulitsa amangonditola. Ndigule chiyani ndi chiyani kuti kalipentala asadzandiuze kuti chasowa china?
Mayi wogulitsa mpunga, Nkhotakota boma

YANKHO: Mayi mwayamba bwino, chovuta mwathana nacho kale. Choyamba guluu. Guluu woyera wamba uja wa mipando akanyowa amafewa, ndiye muyang'ane pabotolo palembedwe D3 kapena D4, kapena kuti ndi wa panja wosalowa madzi, D4 ndiye woposa. Mutsegule muone, akakhala wa mabulumabulu kapena madzi apatukana pamwamba ndiye kuti wagonera pashelefu, kutentha kwa kuno kumaononga guluu msanga, musatenge. Botolo laling'ono likwana mawindo angapo.

Polumikiza pagwidwe ndi masikuluwu osati misomali yokha, ndipo akhale osachita dzimbiri, a galavanaizi kapena a bulasi. Msomali wamba m'thabwa lonyowa umachita dzimbiri, umadetsa thabwa mozungulira ndipo pomwepo ndi pomwe kuwola kumayambira, mukayang'ana felemu yanu yakale muona madontho akuda pa msomali uliwonse. Mahinjesi akale akakhala olimba musataye, anyikeni mu palafini usiku umodzi muwakweche ndi bulashi ya waya, ambiri ndi okhuthala kuposa a masiku ano.

Pate ya galasi mugule yatsopano, ndipo munene kuti ndi ya felemu ya thabwa chifukwa ya mafelemu achitsulo ndi ina. Yeniyeni amapanga ndi choko chosinja ndi mafuta a linseed, mukaikanda m'manja ifewe ngati nsima ya dzulo yotenthetsa, isamanyenyeke komanso isamamatirire zala zonse. Ikauma m'paketi musawonjezere palafini kapena mafuta ophikira monga ena amachitira, idzang'aluka. Galasi losweka mupime kalipentala atamaliza felemu osati asanayambe, lichepe mamilimita 2 kapena 3 mbali zonse kuti likhale ndi popumira, la mamilimita 3 likwana pa timagalasi tating'ono koma lalikulu mutenge la 4. Odula magalasi alipo m'maboma athu onse awiri, Salima ndi Nkhotakota, ponyamula muliimike chilili pakati pa makatoni osati kuligoneka.

Penti ndi zitini zitatu ndipo apa ndi pomwe anthu amadumpha kuti asunge ndalama. Yoyamba pulaima ya matabwa, ambiri amaidziwa ndi mtundu wake wa pinki, iyi ipakidwe pa chigamba mbali zonse chisanalowe m'malo mwake, kumbuyo koyang'ana khoma ndi mu mpata mokhala galasi momwe, chifukwa chikalowa simudzafikakonso. Yachiwiri andakoti, yachitatu penti ya mafuta yowala ija, kawiri. Penti ya madzi ya khoma si ya pamenepa. Pate muipatse sabata imodzi kapena ziwiri igwire khungu ndiye muipake penti, ndipo pentiyo ikwere pagalasi pang'ono ngati mamilimita 2 kuti madzi otsika pagalasi asapeze polowera. Onjezani sandipepa wokhakhala ndi wosalala, thinala kapena tapentaini wotsukira bulashi, basi mwamaliza. Zikasowa pa boma pano tumani ku Lilongwe, m'mashopu a ku Malangalanga simulephera.

Chimodzi chokha ndikupempheni, poti thabwa lanu lachokera ku nyumba yakale. Penti zakale za mafuta zambiri zinali ndi mtovu, ndipo fumbi lake limaononga ubongo wa ana aang'ono. Pochotsa penti yakale kalipentala agwirire panja kutali ndi pomwe mwayanika mpunga, anyowetse kaye ndi madzi asanakweche, asaiwotche ndi moto, zopalidwazo muzisese muzikwirire, ana asasewere pamenepo.

FUNSO: Akulu, felemu yanga kunja ili bwino koma ndikaigogoda ikulira ngati ng'oma ndipo pakona pali dothi. Ndi kuwola komweku?
Bambo wa ku Khombedza, Salima

YANKHO: Bambo, chimenecho ndi chiswe osati kuwola. Thabwa lowola limafewa n'kumanyenyeka timabulu, lodyedwa ndi chiswe limatsala chikhungwa chokha m'kati muli njira zodzaza dothi, ndipo mukaona timabowo ting'onoting'ono totulutsa ufa ndiye kuti lafumbwa, ndi tizilombo tinanso timeneto. Kwa inu kugula thabwa kudikire kaye, yambani mwatsata kanjira ka dothiko kutsika nako khoma mpaka pomwe katulukira pansi, nthawi zambiri ndi pa mng'alu wa pulasitala kapena pomwe dothi la maluwa lakwera kufika pakhoma. Mankhwala a chiswe mugule kwa ogulitsa ovomerezeka, m'botolo lake lomata lokhala ndi malangizo ndi tsiku lothera mphamvu, osati aja othira m'timabotolo ta mankhwala a chifuwa pamsika omwe simudziwa kuti muli chiyani, ndipo athiridwe m'dothi m'mphepete mwa khoma monga alembera, kutali ndi chitsime, nkhuku ndi ana. Nkhuni ndi zitsa zomwe zatsamira khoma zichoke. Mukaona kuti papita mwezi kanjira katsopano sikanamangidwe ndiye itanani kalipentala atsegule felemuyo, ndipo mundilemberenso mundiuze kuti m'kati mwatsala thabwa lochuluka bwanji, tidzaone ngati ndi chigamba kapena mwendo wonse.